Tikiti ya £150 kufika pa £6,000: ndani akudya ndalama za okonda nyimbo?

Loweruka pa 31 August 2024, anthu miyandamiyanda ku Britain ndi ku Ireland analawirira pa foni ndi pa kompyuta kudikira matikiti a gulu loimba la Oasis. Eni gululi, Liam ndi Noel Gallagher, ndi abale a mimba imodzi a ku Manchester amene anasiyana mu 2009 atakangana ku Paris, ndipo kwa zaka 15 sankamwerana madzi. Atalengeza kuti ayimbanso limodzi, matikiti analipo pafupifupi 1.4 miliyoni, pomwe owafuna anaposa 10 miliyoni. Ambiri anatha tsiku lonse pa mzere wa pa intaneti n'kutuluka chimanjamanja. Chowawa kwambiri n'chakuti usiku wa Lachisanu, malonda a aliyense asanatsegulidwe n'komwe, ena mwa matikiti ochepa amene anagulitsidwa moyambirira anali ataikidwa kale pa masamba ogulitsanso matikiti, pa mitengo yopitirira £6,000.

Kodi anthu amene amachita zimenezi ndi ndani?

Kwathu kuno tikanangowatchula kuti madobadoba. Saimba, sakonza bwalo, sanyamula ngakhale sipika imodzi. Ntchito yawo ndi kuima pakati pa woimba ndi womvera, kugula tikiti pa mtengo wake weniweni n'kuigulitsanso kwa amene waphonya, ataikapo zawo.

Kale dobadoba wa matikiti anali bambo wovala jekete amene ankaima pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Wembley, matikiti angapo m'thumba, n'kumanong'oneza odutsa. Ameneyo alipobe koma ndi wamng'ono. Akuluakulu a masiku ano saoneka pachipata, ndipo ena sali n'komwe m'dziko limene konsati ikuchitikira. Mu 2020 khoti la ku Leeds linamanga amuna awiri amene ankayendetsa bizinesi yotereyi ali kunyumba kwawo. Zinamveka m'khotimo kuti ankagwiritsa ntchito maina pafupifupi 100, ma adiresi 88 ndi ma imelo oposa 290 kuti azioneka ngati anthu osiyanasiyana. Anagula matikiti a ndalama pafupifupi £4 miliyoni n'kuwagulitsa pa ndalama zoposa £10 miliyoni. Mmodzi anapatsidwa zaka zinayi, mnzakeyo zaka ziwiri ndi theka. Tione bwino kuti sanamangidwe chifukwa chokweza mtengo. Anamangidwa chifukwa cha chinyengo chimene ankachita pogula, pakuti kukweza mtengoko sikunali mlandu.

Amapeza bwanji matikiti ochuluka chonchi, ena tonsefe tili pa mzere?

Njira yotchuka ndi mapulogalamu a pa kompyuta amene amatchedwa ma bot. Inu mukamafufuza khadi la kubanki m'chikwama, kulemba dzina, kulakwitsa nambala n'kuyambiranso, pulogalamuyi imakhala italowa kale kambirimbiri ndi maakaunti osiyanasiyana, iliyonse ikuoneka ngati munthu wina. Ngati lamulo likuti munthu mmodzi agule matikiti anayi okha, dobadoba wokhala ndi maakaunti 200 wapeza 800. Ena salimbana n'komwe ndi makina: amangolemba ganyu anthu ambiri m'maiko amene malipiro ndi otsika kuti adzaime pa mzere m'malo mwawo.

Palinso china chimene ogula ambiri sachidziwa. Matikiti amene amafika pa malonda a aliyense si onse a m'bwalomo. Ena amakhala atapita kale kwa makampani othandiza konsatiyo, kwa makasitomala a kampani ina ya mafoni kapena ya makadi a kubanki, kwa mamembala a kalabu ya woimbayo, kwa eni bwalo ndi alendo awo. Khomo lililonse lotere ndi mpata wina wa dobadoba, ndipo otsala pa mzere waukulu uja amalimbirana zotsalira.

Choipitsitsa ndi kugulitsa tikiti imene ulibe. Munthu amaika chilengezo cha tikiti pa £900 malonda asanatsegulidwe, akalandira ndalama ndiye amayamba kuisaka yotchipa. Akaipeza, phindu ndi lake. Akalephera, amangokubwezerani ndalama, mwina patatsala masiku awiri, inu mutalipira kale sitima ndi hotela.

Ngati anthu akulolera kulipira £1,000, bwanji oimbawo sangoika okha mtengo umenewo, dobadoba n'kusowa podyera?

Funso limeneli ndiye mutu wa nkhani yonse. Dobadoba amadyera pa mpata umene uli pakati pa mtengo wolembedwa pa tikiti ndi mtengo umene munthu wolemera kwambiri mwa ofunawo angalipire. Mpatawo ulipo chifukwa oimba ambiri amaika dala mtengo wotsikirapo. Ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zachifundo zokha. Woimba safuna bwalo lodzaza ndi mabwana atapinda manja. Amafuna achinyamata odziwa nyimbo zonse pamtima, odumpha, amene adzagule malaya a gululo potuluka n'kubweranso zaka 20 zikubwerazi. Amaopanso kutchedwa wadyera, makamaka ngati mbiri yake inamangidwa pa kuimbira anthu wamba, monga Oasis imene inachokera m'makomboni a anthu ogwira ntchito ku Manchester.

Tsono woimba akasiya £300 pa tikiti iliyonse kuti wokonda nyimbo zake apumeko, ndalamayo siimafika kwa amene anamukonzera. Imatoledwa panjira. Apa ndi pamene pamachokera mkwiyo wa oimba ndi omvera omwe.

Masamba ogulitsanso matikiti a Viagogo ndi StubHub amati iwo ndi msika chabe, pomwe munthu amene walephera kupita ku konsati angagulitse tikiti yake. Kodi si zoona?

Zoona zake zilimo pang'ono. Anthu amadwala, maliro amagwa, abwana amakana tchuthi, ndipo n'koyenera kuti pakhale pobwezera ndalama. Koma tayang'anani mmene masambawa amapezera ndalama. Amadula gawo kwa wogulitsa, n'kulipiritsanso wogula, ndipo gawolo limakula mtengo ukamakula. Tingoyerekeza kuti amatenga 10 pa 100 iliyonse: pa tikiti ya £150 apeza £15, pa tikiti ya £3,000 apeza £300. Mwini msika wotere angakonde wogulitsa uti, mayi amene mwana wake wadwala kapena dobadoba wa matikiti 800?

Makampani awiriwa ndi pachibale. Eric Baker anali mmodzi mwa amene anayambitsa StubHub ku America mu 2000, kenako anayambitsa Viagogo ku Ulaya mu 2006, ndipo mu 2020 Viagogo inagula StubHub kwa eBay pa ndalama zoposa $4 biliyoni. Bungwe loona za mpikisano pa malonda ku Britain, la CMA, linalamula kuti nthambi ya StubHub ya kunja kwa North America igulitsidwe kwa ena, poopa kuti msika wonse ukhala m'dzanja limodzi. Bungwe lomwelo linali litatengera kale Viagogo kukhoti mu 2018 chifukwa chosauza ogula zinthu zofunika, monga nambala ya mpando, amene akugulitsa, ndi chenjezo loti tikitiyo ikhoza kukanidwa pachipata.

Anthu ambiri amene amagula kumeneku sadziwa n'komwe kuti ali pa msika wachiwiri. Amalemba dzina la woimba pa Google, n'kudina chimene chabwera pamwamba, osazindikira kuti ndi chilengezo cholipiridwa. Mu 2019 Google inaimitsa zilengezo za Viagogo, koma patangopita miyezi yochepa zinabwereranso.

Ndiye kuti ogulitsa enieni, monga Ticketmaster, ndi oyera?

Ayi, ndipo pa tsiku la Oasis lija mkwiyo waukulu unagwera iwowo kuposa madobadoba. Anthu analowa pa mzere akudziwa kuti tikiti yoimirira ili pafupifupi £150. Atadikira maola ambiri n'kufika kutsogolo, anapeza tikiti yoimirira yomweyo, malo omwewo, ili pa £355, ndipo anapatsidwa mphindi zochepa kuti asankhe. Munthu amene wataya tsiku lonse, anzake akumuimbira foni kufunsa ngati zatheka, salingalira bwino. Ambiri analipira akulira mumtima.

CMA inatsegula kafukufuku sabata yotsatira. Sinapeze umboni woti kompyuta inkasintha mitengo payokha malinga ndi kuchuluka kwa anthu, monga ambiri ankaganizira. Inapeza kuti matikiti oimirira anali atagawidwa m'mitengo iwiri, otchipa n'kuyamba kugulitsidwa, atatha n'kutulutsa odula, popanda kuuza anthu a pa mzere. Inapezanso kuti matikiti ena a mipando otchedwa platinum ankagulitsidwa pa mtengo wopitirira kawiri wa mipando wamba, popanda chilichonse chowonjezera. Mu September 2025 Ticketmaster inalonjeza kuti izidziwitsa anthu kutatsala maola 24 ngati mitengo ili m'magawo, ndiponso kuti izionetsa mitengo anthu akadali pa mzere. Kwa amene analipira £355, kusiyana pakati pa kompyuta yokweza mtengo ndi munthu amene anakonzeratu kukweza n'kosathandiza kwenikweni.

Ku America zinafika poipa kale. Mu 2022 matikiti ena a Bruce Springsteen, woimba amene moyo wake wonse wakhala akuimba za anthu ovutika a m'mafakitale, anafika pa $5,000 pa Ticketmaster pomwepo. Mu November chaka chomwecho malonda a matikiti a Taylor Swift anasokonekera mpaka kampaniyo inathetsa malonda a aliyense, ndipo mu January 2023 akuluakulu a Live Nation anaitanidwa ku nyumba ya malamulo ya Senate kukayankha mafunso. Live Nation ndi kampani yokonza makonsati imene inaphatikizana ndi Ticketmaster mu 2010. Ili ndi mabwalo ake, imayang'anira oimba ena, imakonza maulendo awo, n'kugulitsanso matikiti. Mu May 2024 boma la America linaisumira kuti ikupondereza mpikisano.

Ticketmaster ili ndi mbiri yakenso pa msika wachiwiri. Ku Britain inali ndi masamba ake ogulitsanso matikiti, Get Me In ndi Seatwave, mpaka inawatseka mu 2018. Chaka chomwecho atolankhani a CBC ndi Toronto Star ku Canada anadzibisa ngati madobadoba pa msonkhano wina ku Las Vegas, n'kujambula antchito a Ticketmaster akutsatsa pulogalamu yotchedwa TradeDesk, yothandiza ogulitsa matikiti ochuluka kuyendetsa katundu wawo.

Oimbawo sadziwa zimene zikuchitika?

Oasis inati zisankho za mitengo inazisiya m'manja mwa mamanejala ndi okonza makonsati, ndipo sinkadziwa kuti mitengo izikwera chonchija. Ataona mkwiyo, analengeza kuti ku North America njirayo sidzagwiritsidwa ntchito. Aliyense aweruze yekha. Chodziwika n'chakuti mitengo yokwera ya pa msika woyamba siibwera ngati mvula: woimba kapena omuimira amayenera kuvomera, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo limapita kwa iwo ndi okonza konsati. Ticketmaster yazolowera kutukwanidwa, ndipo kunyamula matemberero m'malo mwa woimba ndi mbali ya ntchito imene imagulitsa.

Tisaiwalenso kuti nyimbo zojambulidwa sizilipiranso ngati nthawi ya makaseti ndi ma CD. Oimba ambiri akudalira makonsati, ndipo mtengo wonyamula zida, magetsi ndi antchito wakwera kwambiri chithereni Covid. Izi zikumveka kwa gulu laling'ono loyenda pa minibasi. Kwa odzaza bwalo la Wembley masiku asanu ndi awiri, chifukwachi n'chopepuka.

Koma munthu wagula chinthu ndi ndalama zake. Akafuna kugulitsa modula, ndipo wina n'kuvomera, vuto lili pati?

Akatswiri ena a zachuma amanena zomwezo, ndipo mfundo yawo si yopusa: chinthu chikachepa, chimapita kwa amene akuchifuna kwambiri, ndipo mtengo ndiwo umasonyeza kufunako. Koma mtengo umasonyeza kukula kwa thumba, osati kukula kwa chikondi. Namwino wa ku Birmingham amene wakhala akumvera gulu lina kuyambira ali kusukulu sangapikisane ndi munthu wa kubanki ya ku London amene akungofuna kujambulitsa.

Chachiwiri, dobadoba sapeza kusowa kuli kale chabe; amakukulitsa. Amalawi akudziwa bwino za mafuta a galimoto akasowa: amene wadzaza zigubu 20 pa filling station ndi yemweyo amene wachititsa kuti pampu iume inu musanafike, kenako mumamupeza pamsewu akukugulitsani mafuta omwewo ngati akukuthandizani. Wamalonda weniweni amabweretsa katundu pamene panalibe. Uyu amachotsa katundu pamene analipo.

Chachitatu, tikiti si katundu ngati njinga. Ndi chilolezo cholowera, chokhala ndi malamulo ake, ndipo nthawi zambiri limodzi mwa malamulowo limati isagulitsidwenso mopitirira mtengo wake. Dobadoba akaphwanya lamulolo, amene amabwezedwa pachipata ndi wogula.

Malamulo a maiko akuti chiyani?

Akusiyana kwambiri. Ku England kugulitsa tikiti ya mpira popanda chilolezo ndi mlandu kuyambira 1994, ngakhale cholinga chinali kulekanitsa masapota ochita ziwawa, osati kuteteza matumba awo. Pa masewera a Olympics a ku London mu 2012 chindapusa cha dobadoba chinafika £20,000. Koma pa nyimbo, kwa zaka zonsezi, kukweza mtengo kwakhala kololedwa. Choletsedwa kuyambira 2018 ndi kugwiritsa ntchito ma bot. America inaletsa ma bot mu 2016, koma milandu imene yatsegulidwa ndi lamulolo ndi yowerengeka ndi zala.

France inaletsa mu 2012 bizinesi yogulitsanso matikiti popanda chilolezo cha okonza, chindapusa chake €15,000. Ireland inakhazikitsa lamulo mu 2021 loletsa kugulitsa mopitirira mtengo weniweni pa mabwalo ndi zochitika zimene zalembetsedwa, ndipo wolakwa akhoza kulipira mpaka €100,000 kapena kukhala m'ndende zaka ziwiri. Ku Britain, patapita zaka zambiri za kampeni ya FanFair Alliance, bungwe limene linayambitsidwa ndi mamanejala a oimba mu 2016, boma linalengeza mu November 2025 kuti likufuna lamulo loletsa kugulitsanso tikiti mopitirira mtengo wake, komanso loika malire pa ndalama zimene masamba amalipiritsa. Masiku ochepa izi zisanachitike, oimba monga Coldplay, Dua Lipa ndi Radiohead anali atasaina kalata yokumbutsa nduna yaikulu Keir Starmer za lonjezo la chipani chake pa nkhaniyi.

Lamulo lotere lingathetse vutoli?

Lingathetse theka lake. Lingachotse phindu la madobadoba akuluakulu amene amadalira masamba odziwika, ndipo chimenecho si chaching'ono. Viagogo imachenjeza kuti malonda adzangothawira ku Facebook ndi WhatsApp kumene kulibe chitetezo. Chenjezoli likuchokera kwa mwini phindu, komabe akuba a kumeneko alipodi: mu 2024 banki ya Lloyds inayerekeza kuti okonda Taylor Swift ku Britain anaberedwa ndalama zoposa £1 miliyoni pogula matikiti abodza, ambiri mwa iwo kudzera pa Facebook. Kungoti zimenezi zinachitika msika wa Viagogo uli wotsegula.

Theka linalo lamulo silikhudza. Ku Dublin lamulo la 2021 linalipo kale pamene matikiti a Oasis a ku bwalo la Croke Park ankagulitsidwa, koma oimirira anakwera mpaka kupitirira €400 pa Ticketmaster pomwepo. Ngati mtengo weniweni ndi uliwonse umene wogulitsa woyamba wanena pa mphindi imeneyo, ndalama imene inkapita kwa dobadoba ingosintha thumba.

Pali kumene anakwanitsa kuwagonjetsa?

Kulipo, ndipo n'chifukwa chake mawu oti palibe chimene tingachite samveka bwino. Chikondwerero cha nyimbo cha Glastonbury chimasonkhanitsa anthu pafupifupi 200,000 pa famu ina ku Somerset, ndipo matikiti ake kawirikawiri amatha pasanathe ola limodzi. Kuyambira 2007, aliyense wofuna tikiti amayamba walembetsa ndi chithunzi chake. Chithunzicho chimasindikizidwa pa tikiti, ndipo pachipata mlonda amayang'ana tikiti n'kuyang'ana nkhope. Ukasintha maganizo, umabweza tikitiyo kwa eni ake nthawi yake isanathe, iwo n'kuigulitsa kwa wina pa mtengo womwewo. Anthu amadandaulabe kuti aphonya, koma msika wa madobadoba kumeneko uli ngati kulibe.

Ed Sheeran, pokonzekera makonsati ake a 2018, anafafaniza matikiti pafupifupi 10,000 amene anagwidwa ndi madobadoba. Ofika pachipata ndi tikiti ya ku Viagogo ankauzidwa kuti ndi yosagwira ntchito, n'kupatsidwa mwayi wogula ina pa mtengo weniweni ndi kuthandizidwa kuitanitsa ndalama zawo. Panali misozi ndi mizere italiitali, ndipo ena anamukwiyira, koma uthenga unamveka. Okonza makonsati a Oasis nawonso analengeza kuti afafaniza matikiti pafupifupi 50,000.

Robert Smith wa gulu la The Cure anapita patali. Pa ulendo wa ku America mu 2023 anakana mitengo yokwerakwera ndi matikiti a platinum, analetsa kusamutsa matikiti kumene malamulo ankalola, n'kuika ena pa $20 yokha. Ataona kuti ndalama zowonjezera za Ticketmaster pa matikiti ena zaposa mtengo wa tikitiyo, anadandaula poyera mpaka kampaniyo inabweza $10 kwa ogula matikiti otchipa ndi $5 kwa enawo. Zida zonsezi zilipo kwa woimba aliyense wamkulu. Zimafuna ndalama, antchito ambiri pachipata, ndi mtima wololera kusiya phindu lina.

Ndaphonya tikiti koma ndikufunitsitsa kupita. Nditani?

Musagule tsiku lomwelo. Mitengo ya madobadoba imakhala pamwamba kwambiri m'maola oyamba, pamene anthu ali ndi mantha, ndipo kawirikawiri imatsika konsati ikayandikira chifukwa tikiti yosagulidwa imasanduka pepala wamba nyimbo zikangoyamba. Yambani pa tsamba la woimbayo kuti muone ogulitsa ovomerezeka, osati pa chimene chabwera pamwamba pa Google. Lembetsani pa masamba ogulitsanso pa mtengo weniweni monga Twickets, kapena pa mndandanda wodikira wa Dice ngati konsatiyo ikugulitsidwa kumeneko. Okonza amatulutsanso matikiti ena m'masiku omaliza, akamaliza kumanga nsanja n'kuona mipando imene yatsala.

Munthu wosamudziwa akakutumizirani chithunzi cha tikiti pa WhatsApp n'kupempha kuti mutumize ndalama ku akaunti yake, musiyeni. Matikiti ambiri a masiku ano ali ndi kachizindikiro kamene kamasintha pakapita masekondi angapo, choncho chithunzi sichingakulowetseni, ndipo chithunzi chimodzi chikhoza kugulitsidwa kwa anthu 30. Ngati muli ku Britain, lipirani ndi credit card: pa katundu woposa £100 lamulo limapatsa kampani ya khadilo udindo limodzi ndi wogulitsa, ngakhale chitetezochi chimavuta kuchipeza ngati munagula kudzera kwa munthu wapakati.